Kolala ya mphalapala imene inatizunguza masiku awiri

Lipoti ili ndalembera anzanga olondola nyama zovekedwa makolala, makamaka amene angoyamba kumene ndipo apatsidwa risiva imodzi (wayilesi yomvera kulira kwa kolala), eriyo imodzi yokolera mafunde a wayilesi ndi galimoto yobwereka. Nkhani yake ndi ya mphalapala yaikazi ya m'nkhalango ina yotetezedwa komwe ndimagwira ntchito. Tinasaka kolala yake Lolemba ndi Lachiwiri m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo theka la tsiku loyamba linapita pachabe chifukwa cha ine ndemwe. Manambala ndawalemba monga alili m'kope langa, kuti wofuna atenge pepala ndi rula, ajambule yekha, aone pomwe ndinaphonyera.

Kolalayo

Chiyambire ntchito yobwezeretsa nyama m'nkhalango za dziko lino, makolala achuluka. Mikango inabwerera ku Majete mu 2012, njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, zina 263 zinapita ku Kasungu mu 2022, ndipo pa msamuko wotere nyama zingapo zimavekedwa kolala kuti zidziwike kolowera. Anthu akamva zimenezi amayesa kuti ife timangokhala pa kompyuta n'kumaonerera timadontho tikuyenda pa mapu. Masiku abwino zimaterodi. Lipoti ili ndi la masiku enawo.

Kolala ya mphalapala yathu inali ndi mbali ziwiri. Mbali ina ndi ya GPS, yomwe imadziwa malo n'kuwatumiza ku ofesi kudzera pa setilaiti. Inayo ndi kawayilesi ka VHF (mtundu wina wa mafunde a wayilesi) kokhala ndi batire lakelake, komwe sikadziwa kanthu, kamangolira pi, pi, pi, usana ndi usiku. Makolala athu amalira pakati pa 148 ndi 152 MHz, iliyonse pa nambala yake, monga masiteshoni a wayilesi. Nyama ikamayenda kapena kungogwedeza khosi, kolala imalira ka 40 pa mphindi. Ikakhala maola 8 osagwedezeka n'komwe, kulira kumafulumira kufika ka 80. Kumeneko timakutcha kulira kwa maliro.

Mbali yotumiza ku setilaiti inali itasiya kulankhula milungu itatu m'mbuyomo, choncho malo omaliza omwe tinali nawo anali opanda ntchito; mphalapala pa milungu itatu imayenda. Lamlungu madzulo, agemu omwe anali pa ulonda anayatsa risiva yawo pamtunda pena n'kumva 80. Analibe kampasi. Uthenga womwe unandipeza unali wakuti "ikulira maliro, chakum'mawa." Kum'mawa ndi kwakukulu.

Lolemba: mseu wa m'malire

Tinanyamuka pa kampu 5 koloko m'mawa anthu anayi: ine, adalaivala, mnyamata wa ku koleji yemwe anali nafe pophunzira ntchito, ndi mkulu wa agemu yemwe anayamba kuyenda m'nkhalangomo ine ndili ku pulayimale. Tinatenga risiva, mahedifoni, kampasi, GPS ya m'manja, mapu a pepala, ndi maeriyo awiri.

Mfundo ya ntchito yonseyi ndi yaifupi. Ukaima malo amodzi, risiva imakuuza mbali yokha komwe kulira kukuchokera, siikuuza mtunda. Kuti upeze malo enieni pafunika mizere iwiri kapena itatu yochokera malo osiyana, n'kuona pomwe yadutsana. Amene ali ndi ndalama amaika marisiva angapo m'mapiri n'kuyeza nthawi imodzi. Ife tili ndi imodzi, ndiye timaiyendetsa, ikhale pano 7 koloko, apo 8 koloko, uko 9 koloko. Zimatheka pokhapokha cholira chija chikhale pamalo amodzi nthawi yonse imene iwe ukuyenda. Ndi kolala yolira maliro, tinali ndi chifukwa chokhulupirira kuti sikusuntha.

Eriyo yoyamba ndi kandodo kamodzi komata ndi maginito padenga la galimoto. Imamva mbali zonse mofanana, ndipo ntchito yake ndi kungotiuza kuti tafika m'dera. Tinatsata mseu wa m'malire, womwe umawongoka kuchoka kum'mwera kupita kumpoto, nkhalango ili kum'mawa, minda ndi midzi kumadzulo. Adalaivala ankayenda pang'onopang'ono, osapitirira 20 pa ola, ine mahedifoni kumutu. Cha m'ma 7 koloko ndinayamba kumva kanthu pansi pa phokoso, kenaka kunakula, kunakulabe, n'kuyamba kuchepa. Tinabwerera n'kuima pafupi ndi pomwe kunamveka kwambiri.

Kukwera ndi kutsika kumeneko kuli ndi tanthauzo. Pa mseu wowongoka, pomwe kulira kwafika pachimake ndi pomwe wayandikira kwambiri, ndipo cholira chili penapake pa mzere wopingasa mseuwo. Koma kandodo ka padenga sikasiyanitsa kumanja ndi kumanzere. Kolala yomwe ili makilomita asanu kum'mawa imamveka chimodzimodzi ndi yomwe ili makilomita asanu kumadzulo. Kwa ife kusiyanako sikunali kwamasewera. Kumadzulo kukanatanthauza kuti kolala ili m'nyumba kapena m'chimbudzi cha munthu, ndipo imeneyo ikanakhala nkhani ya apolisi ndi mafumu, osati ya anthu anayi ndi mfuti imodzi.

Apa ndi pomwe imalowera Yagi, eriyo ya ndodo zitatu zopingasa, iliyonse yotalika pafupifupi mita imodzi chifukwa funde la 150 MHz ndi lotalika mamita awiri. Dzinali ndi la Hidetsugu Yagi wa ku Japan, ngakhale ntchito yambiri mu 1926 anaigwira mnzake Shintaro Uda. Nkhani ya mwini dzina ndi mwini thukuta siinayambe lero. Yagi imamva kwambiri kutsogolo, pang'ono kumbuyo, ndipo m'mbali imakhala ngati yogontha.

Poyeza mzere ndimachita motere. Ndimachoka pa galimoto mapazi makumi atatu, chifukwa chitsulo chimakoka kampasi komanso chimabweza mafunde. Ndikapeza chulu ndimakwera. Ndimatsitsa gain, yomwe ndi mphamvu yomvera ya risiva, mpaka kulira kungotsala pang'ono kuzimiririka. Ndiye sindisaka pomwe kukumveka kwambiri, chifukwa pamenepo ndi potakata ndipo khutu silisiyanitsa. Ndimatembenuza eriyo kumanzere mpaka kulira kuthe, n'kulemba madigiri, kumanja mpaka kuthe, n'kulembanso, kenaka ndimatenga pakati. Pomaliza ndimaloza kumbuyo kwenikweni kuti nditsimikize kuti sindinatsate msana wa eriyo. Pojambula pa mapu ndimakumbukira kuti kampasi kuno imapatuka madigiri angapo kumadzulo kwa mpoto weniweni. Manambala ali m'munsiwa ndi okonzakonza kale.

Pamalo oyamba, omwe ndiwatche A, ndinapeza madigiri 101 kuwerengera kuchokera kumpoto. Kum'mawa, m'nkhalango. Tonse tinapumira m'mwamba. Tinapita makilomita awiri kumpoto, pa B, ndipo ndinapeza 121. Kenaka tinabwerera, kudutsa A, mpaka makilomita anayi kum'mwera kwake, pa C, pomwe mseu umakwera kamtunda. Pamenepo ndinapeza 35, kulira kukumveka bwinobwino.

Pomwe ndinalakwitsa

Nditayala mapu pa boneti, mizere itatuyo siinakumane pamodzi. Zimenezo sizachilendo, nthawi zonse pamatsala kachigawo ka ngodya zitatu pakati. Chachilendo chinali kukula kwake. A ndi B zinadutsana makilomita asanu kuchokera mumseu. Mzere wa C unadula iwiriyo pafupi, pa makilomita awiri ndi theka ndi pa atatu, m'tsinde mwa phiri lamiyala. Kuchoka nsonga ina kufika ina panali makilomita oposa awiri ndi theka.

Ndinaganiza monga tinaphunzirira. Ukaphonya digiri imodzi, pa kilomita imodzi waphonya mamita 17. Ndi Yagi ya m'manja kuphonya madigiri asanu si chinthu chochititsa manyazi, ndipo pa makilomita asanu amenewo ndi mamita oposa 400 mbali iliyonse. Mizere ikadutsana mopendekeka kwambiri, monga A ndi B zomwe zinangosiyana madigiri 20, malo odutsanawo amatha kusuntha kuposa kilomita kutsogolo kapena kumbuyo. Mizere yodalirika ndi yodutsana ngati mtanda. B ndi C zinasiyana madigiri 86, mtanda weniweni. Ndinazunguliza pensulo pamenepo.

Zonsezo ndi zoona, koma zimagwira ntchito ngati mzere uliwonse ukuloza kolala. Wa C sunkaloza kolala. Pakati pa C ndi komwe kunali nyama panali chitunda chachitali chomwe chinatsekereza njira yachindunji, ndipo chomwe ndinamva chinali mafunde omwe anagunda thanthwe la phiri lija n'kubwerera, monga phiri limakuyankhira ukakuwa. Zizindikiro zinalipo. Pa C, malire awiri a kumanzere ndi kumanja anatalikirana kwambiri kuposa pa A ndi pa B, ndipo nditasuntha mapazi awiri, kulira kunasintha mphamvu. Chitundacho ndinachiona ndi maso, komanso chinali pa mapu omwe ndinatsamirapo. Ndisaname, kunali kutayamba kutentha, ndipo makilomita atatu ndi afupi kuposa asanu.

Mkulu wa agemu uja anayang'ana pomwe ndinazunguliza.

"Achimwene, kuphiri kuja kulibe madzi mwezi uno. Mphalapala ikakatani kumeneko?"

"Makina sanama, akulu."

Sanayankhe. Anangokoleka mfuti paphewa n'kutsogola.

Tinafika m'tsinde mwa phirilo cha m'ma 11 koloko, titadutsa m'lupsa, kashembe akutiluma m'makosi. Pamenepo risiva inapenga. Kulira kunkachokera ku thanthwe, ku mitengo, kumbuyo kwathu, paliponse. Ndikaponda phazi limodzi kutsogolo kunkakula, lachiwiri n'kuzimiririka. Zimachitika mafunde achindunji akakumana ndi obwerera: pena amathandizana, pena amafafanizana, ndipo pa funde la mamita awiri, malo ogontha amatalikirana pafupifupi mita imodzi yokha. Ine ndinawerenga chisokonezocho ngati umboni wakuti tayandikira. Tinatha maola awiri tikufunafuna m'mapanga ndi m'ziyangoyango, tikununkhiza mphepo.

Anali mnyamata wa ku koleji amene anati tikwere pamwamba, mwina pofuna kamphepo chabe. Pansonga pa phiri zonse zinayera. Kulira kunachokera mbali imodzi yokha, malire ake opapatiza, madigiri 140, kutsikira ku khwawa lomwe mitengo yake inali yobiriwira pakati pa nkhalango youma. Ndinayeza katatu, malo atatu osiyana pamwambapo, osasintha. Kukwera kumathandiza chifukwa VHF imayenda pafupifupi monga maso amaonera. Uli pamwamba pa zotchinga, njira yachindunji imaposa zobwerera zonse.

Inali 3 koloko itapitirira. Madzi akumwa anali atatsala botolo limodzi, khwawalo linali makilomita awiri ndi theka kutsogolo, galimoto makilomita oposa atatu kumbuyo, ndipo m'munsimo munkamveka njovu zikuthyola nthambi. Mkulu uja anati tibwerere, ndipo ulendo uno sindinatsutse.

Usiku pa kampu

Nditafufuta mzere wa C, itatu yotsalayo, 101, 121 ndi 140, inakumana pakamalo kakang'ono m'khwawa muja, makilomita asanu kuchokera mumseu. A ndi B zinali zitanena zoona chiyambire m'mawa.

Tikudya, mnyamata uja anafunsa funso lomwe ndimalikonda. "Bwana, kusukulu anatiuza za Doppler, kuti ukamayandikira cholira, frequency imakwera, ukamachoka imatsika. Bwanji osangoyeza zimenezo tili m'galimoto, m'malo motsika n'kumakwera zulu?"

Tinawerengera limodzi pa chikuto cha kope. Galimoto yothamanga makilomita 40 pa ola ikuyenda mamita 11 pa sekondi. Pa 150 MHz, ngakhale utalunjika pa kolala penipeni, kusintha kwa frequency, nambala ija yomwe kolala imalirapo, ndi 5 kapena 6 Hz basi, pamene 1 MHz ndi ma Hz miliyoni imodzi. Kolala yokha imasuntha ndi ma Hz mazana angapo pakati pa kuzizira kwa m'bandakucha ndi kutentha kwa masana, ndipo kulira kumodzi ndi kwakufupi kwambiri moti sungayezemo kusiyana kochepa chotero. Ndi zida zathu, ayi.

Koma ganizo lake silinali lopusa, chifukwa kumwamba amachita zomwezo. Masetilaiti otsika a Cospas-Sarsat, omwe amamvera ma beacon, timawayilesi toitanira chithandizo ta ndege ndi sitima zomwe zili pangozi, amathamanga makilomita oposa 7 pa sekondi. Pa 406 MHz liwiro limenelo limasuntha frequency ndi ma Hz pafupifupi 10,000. Setilaiti ikamabwera imamva mokwera, ikamapita motsika, ndipo nthawi yomwe kusinthako kwadutsa pakati ndi nthawi yomwe yayandikira kwambiri. Kufulumira kwa kusinthako kumanena kutalika kwa beacon kuchokera pa njira ya setilaiti. Risiva imodzi, yoyenda, cholira chili phee. Anthu oyamba kupulumutsidwa ndi njirayi anali atatu omwe ndege yawo yaing'ono inagwa m'mapiri a British Columbia ku Canada mu Seputembala 1982. Argos, ntchito ina ya masetilaiti yomwe inayamba mu 1978, imalondola akamba a m'nyanja ndi mbalame zouluka maiko ndi maiko mwa njira yomweyo. Chomwe chinamuseketsa mnyamatayo n'chakuti nawonso ali ndi vuto lathu la m'mawa lija: kuwerengera kumatulutsa malo awiri, ena kumanja kwa njira ya setilaiti, ena kumanzere, ndipo kawirikawiri amatsimikiza setilaiti ikadutsanso kachiwiri. Mseu wowongoka ndi wowongoka, kaya pansi kaya kumwamba.

Lachiwiri: kolala yadzuka

Pa A, 7 koloko m'mawa, ndinavala mahedifoni n'kuwerenga kawiri ndisanalankhule. Inali 40. Kulira kwa maliro kunali kutatha. Kunalinso kofooka kwambiri kuposa dzulo, moti ndinachita kukwera padenga la galimoto kuti ndikumve, ndisanatsike kukayeza pa chulu. Mzere unali 90, osatinso 101.

"Yadzuka!" anatero mnyamata uja.

Ndinamupatsa mahedifoni kuti amvetsere mphindi ziwiri. Nyama yamoyo ikavala kolala, kulira kumakwera ndi kutsika pamene ikuweramira msipu, kutembenuka, kudutsa kuseri kwa mtengo. Uku kunali kosalala, kofanana kulikonse. China chake chinaigwedeza kolalayo usiku, n'kuisiya.

Apa panali posankha: kutsata mzere watsopano, kapena kupita pomwe mizere ya dzulo inakumana. Tinasankha kwa dzulo. Mzere watsopano unali umodzi wokha, wa chinthu chomwe mwina chikuyendabe, pamene malo a dzulo anali otsimikizika, ndipo chomwe chinachitikira nyamayo chinali kumeneko. Tisanafike n'komwe, miimba inali itatilozera kale.

Mphalapalayo inali pa kanjira ka nyama kotsikira ku chithaphwi chomwe chinali chisanaphwe. Waya unali utaimanga mwendo wakutsogolo, mbali ina utakulungidwa pa tsinde la mtengo, ndipo dothi lozungulira linali lokumbikakumbika mpaka pomwe waya unkafika. GPS ya m'manja inasonyeza kuti tinali mamita osakwana 200 kuchokera pomwe ndinazunguliza usiku. Mimba inali itadyedwa. Mutu ndi khosi panalibe. Mumchenga munali mapazi a afisi okhaokha, ndi mkukuluzi wolowera kumpoto womwe unathera pa miyala.

Mkulu uja anakhala pa chitsa n'kuvula chipewa. "Paja amati fisi akatola fupa sadyera pomwepo. Lero mwaziona ndi maso, achimwene."

Mizere yonse ya Lolemba inali itatha ntchito. Tinayambanso, koma tsopano ndi nkhawa yomwe dzulo panalibe. Kolala ikulira 40, sungadziwe ngati yagona penapake kapena ikukokedwabe, ndipo mizere iwiri yoyezedwa nthawi zosiyana pa chinthu choyenda imadutsana pamalo pomwe chinthucho sichinafikepo n'komwe. Ndinaganiza zoyezabe, koma pa mzere uliwonse ndilembe nthawi ndi chiwerengero cha kulira.

Pa mtembo pomwepo ndinapeza 31, mofooka. Yagi itaimirira sindinkamva kanthu. Nditaigoneka chafufumimba, ndodo zake zitalambalala, kulira kunatulukira. Mtima unkafuna kungolunjika komweko. Sitinatero. Kuyenda molunjika cholira kumakupatsa mzere womwewomwewo kambirimbiri, osakuuza mtunda, ndipo ngati mzerewo ndi wobwerera, umakufikitsa pa thanthwe lina. Tinayenda chammbali, mamita 500 kum'mawa, ndipo ndinapeza 6. Tinapitirira mozungulira chakumpoto cha kum'mawa, mamita ena pafupifupi 900, mpaka pa kamtunda kena, pomwe ndinapeza 304. Pamalo aliwonse ndinayang'ana kaye zomwe zili pakati pa ine ndi komwe eriyo ikuloza, ndinasuntha mapazi angapo n'kuyezanso, ndipo ndinalemba malire onse awiri, osati pakati pokha.

Tinakhala pamthunzi kudya. Risiva ndinaisiya yoyatsa, ili pa chikwama. Nthawi ili 12:50, pakati pa nkhani ina, kulira kunafulumira tonse tikumva. Inabwerera pa 80.

Kameneko ndi kanthu kakang'ono koma kanamasula zonse. Kolala imadikira maola 8 isanayambe maliro, choncho inagwedezeka komaliza cha m'ma 4:50 m'bandakucha, nthawi yomwe afisi amabwerera kogona. Kuyambira pamenepo siinasunthe. Ndiye kuti mizere yonse ya tsikulo inali yabwino, kuphatikizapo 90 wa 7 koloko uja wa kumseu. Ndikanakhala kuti sindinalembe nthawi, sindikanadziwa yoti ndisunge ndi yoti nditaye. Nditaijambula inayi yonse, inatsekera kamalo kosaposa bwalo la mpira, makilomita 1.2 kuchokera pa mtembo.

Mamita omaliza

Ukayandikira, vuto limatembenuka. Kutali umalimbana ndi kufooka. Pafupi umalimbana ndi kuchuluka, chifukwa kulira kumadzaza risiva ndipo mbali zonse zimamveka mofanana. Komanso mphamvu ya kulira si rula. Pamalo oyera opanda chotchinga, mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu imatsika kanayi, pafupi ndi nthaka imatsika koposa pamenepo, ndipo kolala yomwe ili m'dzenje pa mamita 50 ingamveke ngati ina yomwe ili pamtetete pa makilomita awiri. Yathuyi inali yofooka mpaka tinalowa m'kati mwa bwalo lija, kenaka inakula mwadzidzidzi.

Ndinatsitsa gain mpaka pansi. Itakanabe, ndinasuntha nambala pa risiva pang'ono, ma kHz awiri kapena atatu, kuti imve mbali chabe ya kulirako. Pa mamita makumi awiri omaliza ndinachotsa Yagi n'kusiya chingwe chokha, risiva nditaikumbatira pachifuwa, n'kumazungulira pang'onopang'ono. Thupi la munthu limatchinga mafunde. Pomwe kulira kwachepa kwambiri, cholira chili kumsana kwako. Ndinachita zimenezi malo atatu, ndipo katatu konse msana wanga unaloza chulu chakale chokhala ndi mauna anayi.

Mphuno zinavomereza. Pakhomo pa mauna panali mafupa, ndowe zoyera, ndi nyanga imodzi ya mphalapala. Mkati munamveka kulira kwa tiana. Mkulu uja anatiuza kuti tisagwade pakhomo pa una uliwonse ndipo tisalankhule, iye n'kukaima pamwamba pa chulu kuyang'ana tchire, chifukwa make sakhala patali. Ndinayendetsa nsonga ya chingwe pakhomo lililonse nditaimirira chammbali. Una wachitatu ndi womwe unakuwa. Adalaivala, omwe tsikulo anakana kutsala ku galimoto, anadula mtengo wautali wa ngowe. Anakoka kanayi. Kachitatu kanatulutsa chikopa, kachinayi kolala, kuchokera mkati pafupifupi mita imodzi ndi theka. Tinachokapo osachedwa.

Zomwe kolala inanena

Lamba anali ndi mabowo a mano ponseponse, ndipo kawaya ka eriyo ya VHF kanali katatafunidwa n'kutsala kotalika ngati chala. Kufooka kwa Lachiwiri kunachokera pamenepo ndi m'dzenje muja. Titailumikiza ku kompyuta tinapeza kuti GPS inkagwirabe ntchito milungu yonse itatu, n'kumasunga malo mkati. Chomwe chinafa ndi mbali yotumiza yokha. Zosungidwazo zinasonyeza nyamayo ikufika pa kanjira kaja Lachisanu madzulo, osachokaponso. Inagwedezeka usiku uwiri, n'kusiya Lamlungu m'mawa.

Choncho theka la tsiku lomwe ndinataya silinaphe mphalapalayo. Inali itafa kale tisananyamuke. Chomwe linatitayitsa ndi china. Tikanafika Lolemba masana, tikanapeza mtembo wathunthu, kolala yosatafunidwa, ndi mapazi a otchera misampha asanapondedwe ndi afisi usiku wonse. Agemu atasesa khwawalo Lachitatu anachotsa misampha ina pa tinjira totsikira ku madzi, koma mapazi oti n'kuwatsata panalibe.

Pa fomu yathu yoyezera tawonjezera malo olembapo nthawi, chiwerengero cha kulira pa mphindi, malire onse awiri, ndi chomwe chili pakati pa woyeza ndi komwe eriyo yaloza, kaya phiri, chitunda kapena mpanda wa waya. Mizere itatu ikasiya chigawo choposa mamita 500, palibe amene amatsika mumseu kuyamba ulendo wapansi. Timayamba tapeza mzere wachinayi kuchokera pamalo okwera. Gulu lililonse la ulonda lomwe lanyamula risiva limanyamulanso kampasi. Ndinapemphanso kuti kolala iliyonse yomwe yasiya kutumiza ku setilaiti izimveredwa pa VHF kawiri pa mlungu, osadikira kuti wina aimve mwangozi. Zimenezo zikudikira mafuta a galimoto.

Kolalayo tinaitumiza kuti akaiike lamba ndi eriyo zatsopano. Tinaitsuka kawiri ndi sopo koma fungo la fisi silinachoke, moti adalaivala anakana kuiika kutsogolo. Inapita ku tauni itamangidwa m'thumba la feteleza, kumbuyo, pamodzi ndi tayala lapadera.